Galasi la Lachiwiri

Inu ana anga mumandidziwa ngati munthu amene anazindikira matenda a mvuu ku Feira. Pepala loyamikira lija mwaliona pakhoma kuyambira muli aang'ono, ndipo iwe Yosefe unkabweretsa anzako kuti adzaliwerenge. Tsopano ndapuma ntchito, maso ayamba kuchita nkhungu, ndiye ndati ndilembe mmene pepalalo linabwerera m'nyumba muno. Za ubwana wanga mukafunse azakhali anu. Ine ndiyambira pa ntchito.

Chaka changa choyamba ku Feira

Nditamaliza kosi ya za labu, anzanga anawatumiza kumatauni a m'mbali mwa njanji, ine n'kundiponya kuno. Ndinatsika lole masana, mwezi wa Okutobala, ndipo kutentha kunandilandira ngati ndinakulakwira kale. Labu yake inali kachipinda kamodzi kuseri kwa kachipatala ka boma. Munali tebulo, sinki yopanda madzi, mabotolo atatu a utoto wopaka pa magalasi, ndi maikulosikopu yakale ya diso limodzi. Inalibe babu. Pansi pake panali kakalilole kotchera kuwala kwa dzuwa, ndiye ukafuna kuona kanthu umaiika pawindo n'kumatembenuza kakalilole kaja mpaka kuwala kutalowa. Kukabwera mtambo, ntchito inkaima mpaka mtambowo udutse.

Bwana wanga anali ba Ngoma, mediko asisitanti wachikulire, wouma thupi, wosadziwa kuyamika. Tsiku langa lachiwiri ndinawabweretsera galasi la magazi a malungo, ndikudzimva kuti ndapaka bwino. Analiyang'ana uku ndi uku, n'kuliponya m'ndowa. "Galasi ilibe deti ni galasi ya bodza, mwana," anatero. "Lemba nambala ya odwala, lemba siku. Olo nyumba ili kupsa, yamba walemba deti." Kuchokera tsiku limenelo dzanja langa linazolowera. Ndinkalemba deti pakona ya galasi ndi pensulo ya phula ndisanaganize n'komwe, monga mmene munthu amaphethira.

Ndi iwo omwe amene anandionetsa tizilombo ta antirakisi. Mbuzi inafa mwadzidzidzi kumudzi wina wa kumtunda, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno. Wa zoweta kunalibe, ndiye ba Ngoma anakatenga dontho la magazi kukhutu kwa mbuziyo n'kundiuza ndipake utoto wabuluu. Nditasuzumira ndinaona timitengo tolumikizana mizeremizere, todulidwa bwino kumapeto ngati mfundo za bango. "Uyanganisise, usakaiwale," anatero. "Utu tukakhala mu thupi, nyeleti ya penisilini itupha. Koma ukang'amba nyama tukamva mphepo, tuvala chikumba chokosa monga chigoba cha fulu, tugona. Ndiye masipo yamene unaphunzira ku kosi. Dzuwa siitupha, mvula siitupha. Iwe uzakwatira, uzabala, uzakalamba, tweve tuli gone chabe mu dothi, kuyembekeza nyama yakuti idye msipu wa pansi." Mbuzi ija tinaiwotcha yosasenda, mwini wake akulira nyama.

Zaka zimene zinatsatira zinali zanga. Labu yonse ndinali ine. Anthu ankabwera pa njinga kuchokera cha ku Katondwe, ena pa bwato kuchokera ku Mphuka ngakhale kutsidya ku Zumbo, onse akufunsa kuti, "Ba dokota wa magazi alipo?" Sindinali dokotala, koma sindinkawakonza. Utoto ukatha ndinkausungunula wotsalira m'botolo, magalasi ndinkawiritsa n'kugwiritsanso ntchito mpaka atachita zipsera, ndipo malungo sankandibisalira. Ndinakwatira mayi anu Aginesi, mwana wa msodzi wa ku Mphuka. Ba Ngoma anapuma ntchito n'kubwerera kwawo. Ndinali tambala mmodzi m'khola, ndipo ndinkalira nthawi imene ndafuna.

Patatha zaka khumi ndi chimodzi

Kenako kunabwera Lazaro Mwanza. Munthu ameneyu ndinkamudziwa mpaka kununkha kwa nsapato zake, chifukwa ku kosi tinkagona chipinda chimodzi, ndipo ndine ndinkamuphunzitsa kusiyanitsa dzira la njoka za m'mimba ndi thovu la mpweya. Ine ndinalemba kalata katatu kupempha kosi ya dipuloma, makalata onse n'kusowera m'njira. Iye analemba kamodzi. Tsopano anafika ngati mkulu wa labu yanga, pa njinga yamoto, ali ndi maikulosikopu ya maso awiri yoyendera magetsi, m'bokosi la matabwa lokhala ndi loko. Anandikumbatira pamaso pa anthu, akuti, "Aphunzitsi anga!" Ine ndinaseka ndi mano okha.

Sabata yoyamba anagawa ntchito. "Ba Tembo, imwe muli na diso pa va chimbudzi na makhololo kupambana ine. Ine nizatenga magazi, imwe mutenge ivo." Ananena mwaulemu, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti sankanama. Koma taganizani. Masiku amenewo tinalibe timabotolo, odwala ankabweretsa chimbudzi m'bokosi la machesi lokulunga m'masamba. Akafika pakhomo, wa magazi ankapita kudzanja lamanja kwa ba dokota atsopano, wa bokosi la machesi n'kubwera kwa ine. Sipanathe miyezi iwiri anthu anayamba kufunsa kuti, "Ba Chimbudzi alipo?" Sankanyoza ayi, ankangofuna asasokere. Dzinalo linandimata. Pamsika, kutchalitchi, ngakhale padoko pokwerera bwato, ndinali ba Chimbudzi.

Kuwonjezera pamenepo, boma linamupatsa nyumba yoyang'anana ndi yathu. M'mawa uliwonse ndinkamva njinga yake ikulira, ine ndikupopa tayala la yanga yopalasa. Mkazi wake Melesi, amene tinkamutcha amake Byute, anagwirizana ndi mayi anu ngati anabadwa mimba imodzi. Mbale zinkawoloka msewu uwo m'mawa ndi madzulo, kuno kukachoka nsomba, uko kuchoka chigumu. Ndipo mayi anu anali ndi mawu amodzi amene ankandidula chilakolako cha chakudya. "Ba Mwanza ni munthu wabwino, atate ake Yosefe."

"Nkakwatiweni nawo," ndinkayankha choncho.

"Nsanje izakuphani imwe," iwo ankatero akuseka, osadziwa kuti akukanda pachilonda.

Ndinamufufuza zolakwa ngati nkhuku yofukula padzala. Sankamwa, sankaba mankhwala, sankathamangira anamwino. Akapita kumisonkhano ya kuchigawo ankandibweretsera kanthu. Ulendo wina anandipatsa kapu yokongola ya kumsonkhano, ine n'kuisandutsa chotsukiramo magalasi a chimbudzi, ndipo ataona anangoti, "Yapeza nchito." Mabwana akabwera ankapereka moni kwa iye, kwa ine n'kungogwedeza mutu. Cholakwa chimodzi chokha ndinamupeza nacho: dzanja lake linali lofulumira. Maikulosikopu yake inkadalira jenereta, jenereta inkadalira dizilo, ndipo dizilo ankabwera mwa apo ndi apo. Jenereta ikalira ola limodzi, Lazaro ankathamangitsa magalasi onse mu ola limenelo. Ine ndi dzuwa langa laulere sindinkafulumira. Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzaphonya kanthu, ndipo ndikuuzeni zoona, tsikulo ndinkaliyembekezera ngati mvula yoyamba.

Okutobala wa chaka cha mvuu

Chaka chimenecho mtsinje wa Luangwa unaphwa kwambiri. Mvuu zinaunjikana m'maiwe otsala, msipu unatha mpaka zinkadya ndi dothi lomwe, ndipo zinayamba kufa. Anthu anati Mulungu wawakumbukira. Amuna ankapita ndi nkhwangwa ndi mipeni, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje mizongo ya nyama inali lendelende pa zingwe. Kunali njala, musawaweruze.

Lachiwiri m'mawa kunabwera msodzi wa ku Mphuka, mkono utatupa mpaka m'khwapa. Pamkonopo panali chilonda chakuda bii pakati ngati khala, matuza ang'onoang'ono atachizungulira. Ndinamumva akuuza namwino kuti, "Nkhabe kupweteka, mayi, chili kunyereza basi." Mawu akuti sichipweteka anandiimitsa makutu. Chithupsa chotupa chotero chimamuliza munthu wamkulu. Lazaro anapala pamwamba pa nkhanambo, n'kupaka pa galasi, n'kuliika pamzere ndi ena. Jenereta italira anasuzumira pang'ono n'kulemba kuti ndi tizilombo ta mafinya wamba. Kilinikala ofisala anabaya msodziyo penisilini monga wa chithupsa, n'kumuuza abwerenso mawa.

Ine ndinamutsatira kuchipinda chomangira zilonda. "Munagwirako nyama ya mvuu, shamwari?" ndinamufunsa. Anaseka, nati ndiye anasenza mwendo wonse paphewa. Ndinatukula m'mphepete mwa nkhanambo n'kutenga timadzi ta pansi, pamene tizilombo timakhala. Ndinapaka utoto wabuluu, n'kuika makina anga pawindo, n'kutembenuza kakalilole. Timitengo ta ba Ngoma tinali pomwepo, mizeremizere, ngati ndinationa dzulo.

Apa ndiye pamene pali nkhani yonse, ndiye muwerenge pang'onopang'ono. Chimene chinabwera mumtima mwanga choyamba sichinali mantha. Chinali chimwemwe. Lachisanu la sabata lomwelo kunkabwera bwana wa malabu onse a m'chigawo kudzayendera. Ndinadziona ndikumuitana pawindo, ndikumuonetsa galasi langa pambali pa pepala la Lazaro lolembedwa kuti mafinya wamba. Ndikanapita nalo kwa Lazaro tsiku lomwelo, lipoti likanatuluka ndi siginecha yake, ine n'kubwerera ku mabokosi anga a machesi. Ndinadziuza kuti ndi masiku atatu okha, kuti msodziyo walandira kale mankhwala oyenera, kuti amene anadya nyama anadya kale. Ndinaika galasilo m'kachitini, n'kutseka, n'kukabisa kuseri kwa mabotolo a utoto.

Lachitatu madzulo ndinapeza mlamu wanga, mchimwene wa mayi anu, atabweretsa nyama ya mvuu m'thumba, yaiwisi, yolemera. Ndinamuthokoza, n'kumuperekeza mpaka pamsewu osamuuza kanthu. Nditabwerera ndinauza mayi anu kuti, "Iyi nyama musaphike, musaimasule na thumba yomwe. Nizaishoka neka mailo."

"Chifukwa chani?"

"Nakamba, kwatha."

Chifukwa sindikanawauza, pakuti chimene Aginesi wamva, Melesi ankachimva madzi asanawire. Iwo anayesa ndikunyoza abale awo, monga ndinkachitira nthawi zina ndikakwiya. M'mawa ndinachoka mofulumira, thumba ndinaliiwala osaliwotcha. Madzulo nditafunsa anati, "Ninachotsa." Sindinafunse kuti anachotsera kuti. Munthu wokulira ku Mphuka sataya nyama imene mlongo wake wasenza kuchokera kumtsinje. Ngati mwamuna waikana, imawoloka msewu.

Lachisanu bwana uja sanabwere. Uthenga wa pa wayilesi unati galimoto ilibe dizilo, afika Lolemba. Masana a tsiku lomwelo Lazaro anabwera pawindo langa, atagwira chibwano. "Ba Tembo, izi mvuu zinivutitsa maganizo. Kwabwera wina futi na chilonda monga chija. Imwe munakhalako kudala kuno, munaonapo vaso?" Kachitini kanali pafupi, ndikanangotambasula dzanja. Ndinayang'ana m'maikulosikopu yanga, ndili ndi mazira a likodzo, n'kuyankha kuti, "Mvuu zimafa chaka chili chonse." Anatembenuka n'kupita.

Lamulungu lake

Titatuluka m'tchalitchi, Melesi anabwera kudzandipatsa moni pansi pa mtengo. Diso lake lamanja linali litatupa mpaka kutsekeka. "Zikomo pa nyama ija, atate ake Yosefe," anatero akuwomba m'manja. "Inali yambiri, ninaidula neka pa Chinayi, thukuta mbwee kumaso." Ndinamufunsa za disolo. Anati ndi kachilombo kanamuluma, sichipweteka, chikungonyereza. Pachikope panali kadontho kakuda. Amati choipa chitsata mwini, koma changa chinaphonya khomo.

Ndinamugwira Lazaro padzanja n'kumukokera kulabu, tili ndi majekete a kutchalitchi. Dzuwa linali pamutu. Ndinatulutsa galasi, n'kutchera kuwala, n'kumusiyira mpando. Aka kanali koyamba kuti asuzumire m'makina anga. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ni ya ndani?"

"Ya msodzi uja. Ninatenga pansi pa nkhanambo."

"Mwaiona liti?"

"Lelo kuseni, nikalibe kuyenda ku chalichi," ndinatero.

Anachotsa galasilo, n'kulikweza kuwindo, n'kuliyang'ana kanthawi. Kenako analibwezera m'kachitini, n'kuika m'thumba la jekete. "Tiyeni," anangotero.

Zimene zinatsatira mwazimvapo. Melesi tinamubaya nyeleti masana omwewo, koma pofika Lolemba nkhope inatupa mpaka khosi, ndipo anamutengera kuchipatala cha mishoni ku Katondwe. Kumeneko anapulumutsa moyo wake, diso lamanja n'kulephereka. Lazaro sanakhale pambali pa bedi. Anandikweza kumbuyo kwa njinga yake ija, imene ndinkaitemberera m'mawa uliwonse, n'kuzungulira midzi ndi a zoweta ndi a zanyama zakutchire, kuwotcha mizongo, kuletsa anthu kung'amba mitembo ya mvuu, kufufuza a zilonda zakuda. Penisilini anatithera, tinapempha kwina. Mlamu wanga naye anadwala, koma anachira, anangotsala ndi chipsera pakhosi. Koma ku Mphuka kunagwa maliro, makamaka a anthu amene anadya nyama yosapsa bwino. Angati akanakhala moyo ndikanalankhula Lachiwiri, sindidziwa, ndipo palibe makina amene angandionetse.

Patapita sabata ziwiri, ndikutsuka magalasi, ndinaona dzanja langa likulemba pakona ya galasi latsopano. Deti. Galasi lija linali ndi deti ya Lachiwiri, yolembedwa ndi dzanja langa. Ndinadikira kuitanidwa. M'malo mwake kunabwera kope la lipoti limene Lazaro anatumiza kuchigawo. Analemba kuti iye anaphonya, ndipo kuti amene anazindikira matendawa ndi Tembo, pogwiritsa ntchito maikulosikopu yakale ya kalilole. Za tsiku sanalembe. Ndinadziuza kuti sanaione, kuti munthu amene mkazi wake akutupa nkhope sawerenga timanambala ta phula. Pepala loyamikira linabwera. Kosi ya dipuloma, imene ndinailira zaka zonse zija, inabwera yokha. Dzina la ba Chimbudzi linafa, ndinakhalanso ba dokota.

Mayi anu anandifunsa kamodzi kokha. "Pa Chitatu paja, munadziwa chani?" Ndinati ndinkangokayikira. Kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo sanatchulenso pamaso panga kuti ba Mwanza ndi munthu wabwino. Ndinapeza chimene ndinkafuna, ndipo chinalibe kukoma.

Tsiku lopuma ntchito

Anandikonzera kaphwando pabwalo la chipatala. Lazaro anali atapuma kale, koma anabwera ndi ndodo yake n'kulankhula zondiyamika mpaka anamwino anaimba nthungululu. Anthu atabalalika tinatsala awiri pawindo lija la labu. Zaka zonsezo ndinkayang'ana nkhope yake kufuna kudziwa, ndipo tsiku limenelo ndinatopa.

"Lazaro, pali chinthu chamene nifuna kukamba."

"Deti," anatero, osanditembenukira. "Munalemba bwino, ba Tembo. Manambala yanu siyavuta kuwerenga."

Ndinakhala pansi. Kenako ndinamufunsa chifukwa chimene analembera lipoti lotero.

"Diso yanu ndiye inapeza, yanga inaphonya. Icho chinali chazoona, ninalemba. Vinango sivinali va mu lipoti. Musaganize ati sininakalipe. Ninafuna kukupwanyani mutu na ija maikulosikopu yanu."

"Nanga amake Byute adziwa?"

"Ninawauza ali pa bedi ku Katondwe. Ni beve ananilesa kukamba. Anati Aginesi angafe na nsoni, na bana banu bazakulira pati."

Mukuganiza kuti ndinagwada n'kulira. Ndinapepesa, inde, ndipo iye anati zinapita. Koma pobwerera kunyumba ndinapeza kuti ndapsa mtima. Munthu ameneyu anandiposa pa dipuloma, pa njinga, pa ulemu wa mabwana, ndipo tsopano anandiposanso pa kukhululuka, iye ndi mkazi wake yemwe. Nsanje imene ndinkayesa kuti inafa chaka cha mvuu inali itangovala chikumba chokosa, monga ananenera ba Ngoma, n'kugona. Ndine nkhalamba, koma ndikulemba izi ndikuimvabe ikutembenuka.

Lazaro tinamuika m'manda chaka chatha. Nyumba za boma zija zinadzakhala zathu, ndiye Melesi akadali kutsidya kwa msewu. M'mawa uliwonse akamasesa amatembenuza mutu wonse kuti andione ndi diso lamanzere, n'kufuula kuti, "Mwauka bwanji, atate ake Yosefe?" Inu munakula mukudya chigumu chake, ndipo iwe Yosefe ndi iye amene anakusokera yunifomu yako yoyamba, akulowetsa ulusi mu singano ndi diso limodzi. Mukabwera pa Khirisimasi, muyambe mwawoloka msewu musanalowe kuno.

Pepala lija musalichotse pakhoma, chifukwa zimene linalemba n'zoona. Koma linali ndi chosowa. Dzulo ndinafufuza m'bokosi la zida zanga zakale, ndinapeza kachidutswa ka pensulo ya phula. Mukayang'ana pakona ya galasi la felemu, pansi kudzanja lamanja, mupeza ndalembapo deti ya Lachiwiri lija. Musafufute.